Mwini Mbiri ya Achewa Ndani?

Munthu amene anakhalapo pa mwambo wolonga ufumu m'midzi yozungulira Madisi, kaya kwa Chakhaza, kaya cha kum'mawa kumene mapiri a Dowa akumana ndi a Ntchisi, adziwa kuti pakati pa malango ndi magule pamaimirira mkulu wina, wa imvi ndi wodziwa kuyala mawu, nayamba kulongosola kumene Achewa anachokera. Atchula Uluba, dziko la ku Congo. Atchula Choma, pamene anthu anatula akatundu napumula. Atchula Kalonga ndi Nyangu, Mankhamba ndi Msinja, natsika pang'onopang'ono kufikira atafika pa dzina la mfumu imene ilowa tsiku limenelo. Ndipo wina akafunsa mwaulemu kuti, "Kodi zimenezi, agogo, munazimva kwa yani?" yankho lidzakhala limodzimodzi m'midzi yonse: "Makolo ndiwo anatiuza." Mkuluyo sanama ayi. Komatu pakati pa iye ndi makolo amene awatchulawo paima munthu wina amene dzina lake silimveka pabwalo, ndiye Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch imene inayambira ku Mvera m'boma lomwe lino la Dowa, amene anabadwa m'chaka cha 1905 namwalira mu 1976, ndipo analemba buku lotchedwa Mbiri ya Achewa. Funso lakuti mwini wake wa nkhani ya m'bukumo ndani, a Ntara kapena makolo, lioneka lachibwana polimva koyamba, koma ndi funso lomwelo limene lakhala likusautsa anthu ophunzira a maiko akutali kwa zaka mazana ambiri pa mabuku awo akale.

Tiyambe ndi buku limene Mkhristu aliyense wa kuno alidziwa. Mabuku asanu oyamba a m'Baibulo tinaphunzitsidwa kuwatcha mabuku a Mose. Koma owerenga atcheru anaona kalekale kuti chaputala chomaliza cha Deuteronomo chisimba za imfa ya Mose ndi kuikidwa kwake, ndipo anadzifunsa kuti munthu angalembe bwanji za maliro a iye mwini. M'chaka cha 1753 sing'anga wina wa ku France, Jean Astruc, anaonetsa kuti m'buku la Genesis muli ndime zina zimene zitchula Mlengi ndi dzina limene ife timaliwerenga kuti Mulungu, ndi zina zimene zimtchula Yehova, ndipo anati wolembayo analumikiza zolembedwa zakale zosiyana. Patapita zaka zoposa zana, mu 1878, Julius Wellhausen wa ku Germany anafika nalo patali ganizo limeneli, nati mabuku asanuwo anachokera m'mitsinje inayi ya zolembedwa, imene inathirana m'kupita kwa mibadwo. Mpaka lero ophunzira sanamvane za chiwerengero cha mitsinjeyo kapena zaka zake, ndipo okhulupirira ambiri sanasunthike pa dzina la Mose. Chimodzimodzinso Agiriki ndi mlakatuli wawo Homer: mu 1795 Friedrich August Wolf anati ndakatulo zazikulu za Iliad ndi Odyssey zinayamba ngati nyimbo za pakamwa, zimene zinasonkhanitsidwa pambuyo pake, ndipo pakati pa 1933 ndi 1935 Milman Parry anapita ku Yugoslavia kukamvera oyimba osadziwa kulemba, napeza kuti woyimba saloweza nyimbo yake liwu ndi liwu, koma aimanga mwatsopano nthawi iliyonse ndi zidutswa za mawu zimene analandira kwa amene anamphunzitsa.

Tsono anthu amenewa anali kufufuza mapazi pa njira imene mvula ya zaka zikwi ziwiri kapena zitatu inafafaniza. Ife a kuno tili ndi mwayi umene iwo anausowa, pakuti nthawi imene mawu a pakamwa analowa m'buku kwathu kuno si yakale kwambiri. Inachitika m'masiku a agogo athu, m'mapiri omwe ano, ndipo misoko yake ikali kuoneka.

Amishoni A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889. Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894. Nkhoma inatsatira mu 1896. Pa kaphiri ka Kaso pafupi ndi Mvera mpamene W. H. Murray anagwirapo ntchito yaikulu yotembenuza Malemba, imene inabala Buku Lopatulika mu 1922. Dzina limene likumbukidwa pa ntchitoyo ndi la Murray, ndipo nkoyenera, popeza anaisenza zaka zambiri. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe mzungu, ngakhale wanzeru chotani, amene akadapeza yekha mawu onse a m'Masalmo ndi m'Miyambo popanda aphunzitsi ndi akulu a kuno amene anakhala naye pansi, nakana liwu ili, navomera lija. Chichewa cha m'Buku Lopatulika, chimene chinaumba malembedwe a mbadwo wonse wa a Ntara, chinali kale ntchito ya manja ambiri yodziwika ndi dzina limodzi.

A Ntara anadziwika koyamba ndi buku la Nthondo, limene linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures natuluka mu 1933. Ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young wa ku Livingstonia analitembenuzira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, Julian Huxley nalemba mawu otsogolera. Chodabwitsa nchakuti bukulo linalandira mphoto monga mbiri ya moyo wa munthu, pamene ife lero tiliwerenga monga nthano yopeka, ya mnyamata wovuta amene asanduka mfumu ndi Mkhristu. Pambuyo pake analemba za munthu weniweni, Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'dera la Kongwe, ndipo Young anatembenuzanso bukulo natuluka nalo ku London mu 1949. Zaka za unyamata wa Msyamboza, masiku a nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga ndi akapolo, pamene Achewa ambiri anathawira m'malinga ndi m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, a Ntara sanazione ndi maso awo, pakuti anali asanabadwe. Anazilandira kwa ena, nazikonza, nazipatsa chiyambi ndi mapeto monga mwa chizolowezi cha mabuku. Chimodzimodzinso pa ntchito ya Mbiri ya Achewa, imene inatuluka cha kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nisindikizidwanso mu 1965, anatenga mawu omwazika a anthu ambiri nawaika pa mzere umodzi.

Apa ndi pofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mbiri ya pakamwa pakati pa Achewa sinali mtsinje umodzi. Bele lililonse linasunga chiyambi chake, mfumu iliyonse inasunga nkhani ya mmene inalandirira dziko ndi mzinda, a kwa Banda anasimba zawo ndi a kwa Phiri zawo, osunga kachisi wa ku Msinja anadziwa za Makewana ndi za mvula, ndipo anamkungwi ndi akulu a kudambwe anali nazo zawo zimene sizinenedwa poyera. Nkhani zimenezi sizinasungidwe kuti zikondweretse alendo. Zinali umboni pa milandu ya malire, ya ufumu ndi ya ukulu, ndipo pachifukwa chimenecho zinatsutsana, monga mboni za mbali ziwiri zitsutsana pabwalo. Wolemba buku akakumana ndi mafumu awiri, yense wonena kuti kholo lake ndilo linatsogola kufika, sangathe kuwasiya onse awiri akulankhula kufikira dzuwa litalowa. Ayenera kusankha, kapena kuyanjanitsa, kapena kusiya wina kunja. M'kusankha kumeneko ndimo muli ulembi wa a Ntara. Ine ndiyesa kuti iwo amene anena kuti a Ntara anangolemba zimene anauzidwa awachepetsa, ndipo iwo amene anena kuti anapeka awanamizira. Ndiponso tisaiwale kuti anali mphunzitsi wa mishoni imene inali pa udani waukulu ndi nyau, wolembera makina osindikizira a mishoni ndi ana a sukulu za mishoni. Zimene akulu a kudambwe ndi amayi a kutsimba anadziwa sizikadalowa m'buku lotere mofanana ndi zimene mafumu ananena pakhonde.

Mu 1973 bukulo linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, lotembenuzidwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndi ndemanga za Harry Langworthy, amene anali atafufuza mbiri ya ufumu wa Undi. Kuyambira pamenepo akatswiri a mbiri anali nalo pa matebulo awo, ndipo mikangano yawo, imene ina inayamba kale, inakula.

Mkangano woyamba ndi wa ulendo weniweniwo. Kodi Achewa analowa m'dziko lino gulu limodzi, Kalonga ali patsogolo, monga ana a Israyeli pambuyo pa Mose? Ofufuza ena, monga M. G. Marwick amene anagwira ntchito pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, ndi Bambo Matthew Schoffeleers pambuyo pake, anaona kuti pansi pa nkhani ya ulendo pagona nkhani ina, ya ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, kumene anthu oyamba ndi nyama anatsika nasiya mapazi awo pa thanthwe lisanaume. Nkhani yoteroyo si ya anthu obwera. Ndi ya anthu odziyesa eni nthaka. Ndipo anati tsono panali magulu awiri: akale, amene mfunda wawo waukulu unali Banda, osunga akachisi a mvula, ndi obwera pambuyo, a kwa Phiri, amene anadza ndi ufumu wa Kalonga nakwatirana ndi eni dziko. Taonani, iyi ndi njira yomwe ija ya Astruc: kupeza nkhani ziwiri za chiyambi m'buku limodzi, ndi kunena kuti zinachokera m'nyumba ziwiri.

Mkangano wachiwiri ndi wa zaka, ndipo uwu unakokera Apwitikizi m'bwalo. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete kufikira ku Kilwa, nachezera mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Mu 1667 wansembe Manuel Barreto analemba za ufumu wa Maravi ndi mfumu yake imene anaitcha Caronga. Wina angayese kuti pepala lathetsa mlandu, koma sizitero. Ulendo wa Gaspar Bocarro tiudziwa kupyolera m'cholembera cha munthu wina, António Bocarro, mlembi wa mbiri ya boma la Apwitikizi ku Goa, ndipo buku lake linadikira mpaka 1876 kuti lisindikizidwe ku Lisbon. Naponso mawu a woyenda anapita m'manja mwa wokonza. Mu 1982 Malyn Newitt, poyang'ana zolembedwa zimenezi, anati maufumu a Amaravi sanali akale monga mbiri ya pakamwa ionetsera, koma anaumbika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1600. Ndipo anthu anakangana ngati Muzura anali Kalonga kapena munthu wina wodzikweza yekha. Bambo Schoffeleers anayankha mu 1987 ndi nkhani yawo ya Azimba ndi ufumu wa Lundu. Chaka chotsatira Christopher Wrigley anawatembenukira iwonso pa nkhani ya Mbona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje: pamene Bambo Schoffeleers anaona m'masimbidwe osiyana a imfa ya Mbona chikumbutso cha kusintha kwa maufumu a m'chigwa cha Shire, Wrigley anati nkhaniyo ndi nthano yopatulika ya mvula ndi mtsinje, yosayenera kufunsidwa zaka. Buku la Bambo Schoffeleers la River of Blood, la mu 1992, linaika masimbidwe angapo a nkhaniyo pambali ndi pambali kuti wowerenga adziweruzire.

Khasu nalo linanenapo mawu ake. A Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, napeza mapale ochuluka, mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo m'buku lawo la mu 2020 anaonetsa kuti pamalopo panakhala anthu kale ndithu Bocarro asanayende ulendo wake, ndi kuti mudziwo unachita malonda ofika kutali. Umenewu ndi umboni wolemera wakuti makolo sananame potchula Mankhamba. Koma phale silitchula dzina la mfumu, ndipo mkanda sunena ngati mwini wake anali Banda kapena Phiri.

Pali chinthu china chimene mlendo achedwa kuchimvetsa, koma mwana wa ku Madisi achidziwa asanalowe sukulu, ndicho kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, mphwake alowa dzina lake pamodzi ndi ubale wake wonse, kotero kuti Dzoole wa lero ndi Dzoole, Kalumo ndi Kalumo, ndipo polankhula za zimene anachita woyamba wa dzinalo, wolowayo akhoza kunena kuti "ine" popanda womtsutsa. Ian Cunnison analongosola mwambo wofanana nawo pakati pa anthu a ku Luapula. Tsono mbiri ikati Kalonga anachoka ku Uluba, Kalonga anamanga ku Mankhamba, Kalonga anagawa maiko kwa abale ake, wowerenga wa mabuku aona munthu mmodzi wa moyo wautali modabwitsa, pamene wosimbayo anali kunena za mpando umene anakhalapo anthu ambiri. Mibadwo ikhoza kupindidwa motero nikhala itatu kapena inayi, ndipo woyesa kuwerenga zaka mwa kuwerenga mafumu asokera. Ndiyesa kuti Mchewa, pokhala wozolowera mwambo umenewu, savutika mtima monga avutikira ena akamva ophunzira akunena kuti si masalmo onse otchedwa a Davide amene anatuluka m'kamwa mwa mwana wa Jese, kapena kuti miyambo ya Solomo inasonkhanitsidwa ndi manja a mibadwo ingapo. Kwathu dzina lalikulu lisunga ntchito za onse amene analilowa, ndipo palibe amene atcha zimenezo bodza.

Koma chovuta choposa zonse chinadza ndi kupambana kwa bukulo. Jan Vansina, amene buku lake la mu 1961 linaphunzitsa akatswiri kulemekeza mbiri ya pakamwa monga umboni, anachenjezanso kuti umboni uyesedwe. Ndipo mu 1973 David Henige anaonetsa, ndi zitsanzo za Afante a ku Ghana, mmene zolembedwa zimabwerera m'kamwa mwa anthu nizimvekanso ngati mawu a makolo. Lingalirani tsono za kuno. Buku la a Ntara linawerengedwa ndi aphunzitsi, alaliki, alembi a makhoti a mafumu ndi ana a sukulu; mu 1968 chinenero chimene chinkatchedwa Chinyanja chinatchedwa Chichewa nichikwezedwa kukhala cha fuko lonse, mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, amene iye mwini anali atagwirizana ndi Cullen Young yemwe uja potulutsa buku la Our African Way of Life mu 1946. Ndipo mbiri ya Achewa inakhala chinthu chaulemu chimene mfumu iliyonse inafuna kupezamo malo ake. Mnyamata amene anawerenga bukulo m'kalasi cha m'ma 1950 anali nkhalamba ya pabwalo pofika m'ma 2000, ndipo zimene anawerenga ndi zimene anamva kwa amalume ake zinasanganikirana m'mutu mwake kotero kuti iye mwini sangathe kuzilekanitsa. Wofufuza akayenda midzi khumi namva nkhani imodzimodzi, akondwa kuti wapeza mboni khumi, pamene mwina wamva mboni imodzi kakhumi. A Kings Phiri, amene analemba za mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri ya pakamwa pa digiri yawo ya ku Wisconsin mu 1975, anafufuza m'nthawi imene bukulo linali litayenda kale zaka makumi atatu pakati pa anthu.

Nanga mwini wake ndani? Kwa ife a chikamwini yankho lili pafupi. Mwana ali ndi atate wake amene anambala, ndipo palibe akana zimenezo. Koma mwanayo ndi wa mbumba ya amake, kumeneko ndiko alowa dzina ndi kulandira munda. A Ntara ndiwo atate wa bukulo: dongosolo lake, kusankha kwake, Chichewa chake chodekha, zonsezo nzawo, ndipo dzina lawo liyenera kutchulidwa pamene nkhani yawo inenedwa. Koma nkhanizo zinachokera ku mbumba, ndipo zinabwerera ku mbumba, zitavala chovala chimene atate anazisokera.

Chotsala ndi ntchito ya kulekanitsa, ndipo zida zake zilipo. Zonse zimene zinalembedwa bukulo lisanatuluke sizingakhale zobwereka kwa ilo. António Gamitto anapyola m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, ndipo buku lake linatuluka ku Lisbon mu 1854. A. G. O. Hodgson anasindikiza mu 1933 zimene anasonkhanitsa za Achewa ndi Angoni a m'boma la Dowa lomweli. Mabuku a maboma, mmene mabwanamkubwa achitsamunda ankalembamo mizere ya mafumu ndi chiyambi chawo, asungidwa ku nyumba yosungira zolembedwa zakale ku Zomba. W. H. J. Rangeley analemba za nyau za m'boma la Kotakota mu 1949 ndi za Makewana mu 1952, pamene bukulo linali lisanazike mizu m'midzi. Zonsezi zili ndi zilema zake, pakuti mzungu anamva kupyolera mwa womasulira, ndipo mfumu inauza bwanamkubwa zimene zikadalimbitsa mpando wake. Komabe pamene Gamitto, Hodgson ndi a Ntara avomerezana popanda kuonana, pamenepo tiponda pouma. Ndipo pamene mkulu wa pabwalo anena chinthu chimene mulibe m'buku, dzina la dambo limene bele lake linayamba kulimapo, kapena la mayi amene anali tsinde la mudziwo, kapena nkhani yotsutsana ndi bukulo poyera, wofufuza ayenera kutchera khutu koposa, pakuti zimenezo sizinachokere m'bukumo. Kawirikawiri wozisunga si mfumu kapena nduna yake yolankhula pa mwambo, koma ntchembere yokalamba ya m'mbumbamo, imene ofufuza a masiku aja, pokhala amuna ofikira kwa amuna anzawo, sanazolowere kuifunsa.